Usapite Nawo Kwathu Makanyaga Anga

Magomeni, Dar es Salaam
Lachitatu, itatha swala ya madzulo

Yusufu mwana wanga,

Ndakhala pa benchi la ntchito, ndakankhira malata uko kuti pepala lipeze malo. Iwe uli ku Kariakoo kukaona za lole ya mawa. Ndikulemba chifukwa pakamwa sinditha nawe. Ndikayamba m'Chinyanja iwe umayankha m'Chiswahili, mothamanga, ndipo ndisanapeze mawu achiwiri umakhala wafika kale pakhomo. Pepala sungalidule mawu. Ndikudziwa kuti chinenero chathu umachimva kuposa mmene umachilankhulira, ndiye werenga pang'onopang'ono. Zilembo zanga n'zokhota. Sukulu ndinalekera Sitandade 2, bambo anga ataopa kuti a mishoni andibatiza. Koma zimene ndikuuze pano sindinaziphunzire pa sileti.

Ndiyambe ndi chimene chandikhala pakhosi. Sabata yatha iwe ndi mnzako uja wa tayi munayala mapu pa benchi lomwe lino, mukuloza maiko ndi pensulo. Ine ndinaima pambali, nyundo ili m'manja. Unatembenuka kamodzi kokha, ndipo kunali kundituma tiyi. Ndinapita kukawiritsa. Pobwera ndinapeza mwamaliza kale: makanyaga osambira m'manja aja makumi anayi, onse amene ndapanga chiyambire mvula, apite ku Malawi, poti kumeneko ndi kwathu, chinenero n'chimodzi, abale aliko. Kanyaga ndinamupanga ndine, ndi manja awa. Palibe mwa inu awiri amene anandifunsa ngati ndinayesapo kutuluka naye m'dziko muno. Ndinayesa katatu, Yusufu, ndipo katatu konse ndinabwera nditanyamula manyazi. Maso anga atha, makumi anayi enanso sindidzapanga. Ukawataya awa, wataya ntchito yanga yomaliza ndi chiyambi chako chomwe. Ndiye ndikunena poyera, usapite nawo kwathu. Lole ya Che Selemani ikupita ku Zambia. Ikadutsa Tunduma, pamene msewu wa ku Malawi umapatukira, usatsike.

Iwe kanyaga unamupeza ali kale pakhomo ngati mbuzi ya banja, sudziwa kumene anachokera. Ukukwawa, ine ndinkanyamula katundu ku doko, ndipo masana ndinkadya m'mahoteli a ku Kariakoo. Pakhomo pa hoteli pankakhala beseni limodzi, amuna onse n'kumasambamo m'manja, madzi mpaka kusanduka ngati a m'chithaphwi. Ndinadwala kamwazi, ndinagona m'chipatala milungu itatu. Kumeneko ndinaona dokotala akutsegula mpopi ndi chigongono kuti asaukhudze ndi dzanja. Ndinati mumtima, iye ali ndi chigongono, ife tili ndi phazi. Nditatuluka ndinatenga chitini cha palafini, ndinachiimika pa miyendo itatu, ndinachiboola n'kuikapo kampopi, kenako waya wotsika mpaka pa kathabwa pansi. Munthu akaponda kathabwako madzi oyera amatuluka, akachotsa phazi amaleka, ndipo osambira kale amagwera m'ndowa yake. Ndinalephera kasanu ndi kamodzi chisanasiye kudontha. Amayi ako, Mulungu awachitire chifundo, ankati ndidzatsiriza madzi a mu Magomeni monse.

Woyamba kugula anali Mzee Shabani, mwini hoteli ina pafupi ndi msika. Anachizungulira kawiri n'kuti, "Fundi, iwe mmisiri, chidole chakochi chikapanda kundithamangitsira anthu, udzadya mpunga wa pilau pano mwezi wathunthu." Sabata isanathe onyamula katundu anali kuima pamzere. Mlendo akafika n'kumafunafuna pogwira, Mzee Shabani ankakuwa ali kuseri kwa miphika kuti "kanyaga", ndiko kuti ponda, ndipo dzina linachokera pamenepo. Anatsatira a mahoteli ena, kenako a kachipatala kena ka ku Ilala. Ndinasiya ntchito ya ku doko. Ndinkayesa kuti anthu akugula nzeru zanga. Kulakwa kwanga konse kunayambira pamenepo, koma ndinatenga zaka kuti ndikuone.

Ulendo wanga woyamba unali wa ku chilumba cha Unguja, ndipo ndinasankhako chifukwa chimodzi chokha: ndi pafupi. Mwini chombo cha matanga anandiuza kuti tikanyamuka m'mawa madzulo tafika, ine n'kuyesa kuti imeneyo ndi nzeru ya malonda. Ndinapeza nyumba iliyonse ya munthu wooneka ili ndi birika la mkuwa, ketulo yothirira madzi m'manja, losiyidwa ndi agogo, lopukutidwa mpaka kudzionera nkhope. Chitini changa cha palafini pafupi ndi birika lotero chinkaoneka ngati wopempha. Ndinati basi ndikayese ku mzikiti, kumene anthu amasamba kasanu pa tsiku. Shehe wina wokalamba anandimvetsera bwinobwino mpaka ndinamaliza, kenako analoza pansi ndi ndodo yake. "Fundi, kathabwa aka ndikaponde ndi phazi limene ndasambitsa. Amene anaponda ine ndisanafike anavala nsapato yochokera kuti? Ku msika wa nsomba?" Atatu amene ndinasiya kwa wa sitolo wina wa kugombe ndinawapeza mvula itatha atadyeka ndi dzimbiri, mphepo ya mchere itawaboola ngati sefa. Choncho usasankhe dziko chifukwa msewu wake ndi waufupi. Funsa kaye kuti anthu ake akusamba ndi chiyani lero. Ngati chimene ali nacho amachinyadira, tseka bokosi ubwerere.

Ku Mombasa ndiye ndinalakwa mwa mtundu wina, ndinasangalala msanga. Ndinapita ndi khumi, anatha pa masiku asanu, ndinabwera ndikuyenda ngati mwini tauni. Amayi ako anandiyang'ana n'kungoti, "Mwadya kale, bambo a Yusufu?" Patapita miyezi itatu ndinabwererako ndi makumi awiri. Ndinapeza msewu wonse wa amisiri a malata uli ndi makanyaga, opakidwa utoto wobiriwira, ena oikidwa kagalasi pamwamba. Mmisiri wina anandikokera pa wake, anaponda kathabwa, n'kundifunsa ngati kwathu ku Tanganyika ndinaonapo chinthu chotere. Ndinati sindinaonepo. Ndikanati chiyani? Ukafika m'tauni yachilendo, tchera khutu ku phokoso la nyundo. Kumene nyundo zikulira tsiku lonse, kanyaga wako ndi wako kwa mwezi umodzi basi. Usaiwale zimenezi ngakhale ku Zambia komwe ndikukutumako.

Tsopano ndifike pa ulendo wachitatu, umene sindinakuuzepo. Unali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Tinakuuza kuti ndapita kukaona agogo ako, ndipo nditabwera wopanda mphatso amayi ako anakuletsa kundifunsa. Nthawi imeneyo kunkatchedwa Nyasaland. Ndinaganiza chimodzimodzi mmene waganizira iwe ndi mnzako wa tayi: Aswahili andikana, Amombasa andibera, koma kwathu amandidziwa, chinenero n'chimodzi, abale aliko. Ndinanyamula khumi ndi awiri, pa sitima ya pamadzi mpaka ku Beira, ya pamtunda mpaka ku Limbe, kenako pa ngolo mpaka kumudzi kuseri kwa Chiradzulu. Njira yonse ndinkadziona ndikulowa m'mudzi ngati munthu wobweretsa moyo.

Tsiku lachiwiri atsibweni anga, Che Bwanali, mchimwene wa amayi anga amene anali mwini mbumba yathu, anapha nkhuku ziwiri n'kuphikitsa mpunga. Anaitana akuluakulu asanu kudzalandira mwana wa mlongo wawo wochokera kutali. Ine ndinali nditaimika kale kanyaga mmodzi pansi pa mtengo wa mango, nditamudzaza madzi mpaka pakamwa. Tinakhala pa mkeka. Iwe sunaonepo mmene amasambira m'manja kwathu, ndiye ndikuuze. Mayi wa pakhomo amabwera ndi beseni, amagwada pamaso pa wamkulu wa onse, ameneyo asambe, kenako beseni limayenda potsata ukulu mpaka kwa wamng'ono. Munthu wongofika atayang'ana mmene beseni likuyendera amadziwa amene ali ndani pamudzipo, popanda womuuza. Akazi a atsibweni anabwera, anagwada, beseni lili m'manja. Ine ndinaimirira.

"Dikirani, amayi," ndinatero. "Madzi a m'beseni akafika kwa munthu wachitatu amakhala matenda okhaokha. Atsibweni, tadzukani muone chimene ndakubweretserani."

Amayi aja anakhalabe chigwadire, beseni lili m'malere, osadziwa kuti alitsitse kapena abwerere nalo. Kenako atsibweni anafunafuna ndodo yawo, anadzuka movutika, maondo akulira, n'kuyenda mpaka pa mango paja alendo onse akuwaona. Ndinawauza kuti aponde. Anaponda ndi mphamvu zonse ngati akupha njoka, madzi anathovoka n'kunyowetsa mkanjo wawo woyera kuyambira pamimba mpaka m'maondo. Kuseri kwa nkhokwe wina analephera kuugwira mseko.

Anabwerera, anakhala pansi, anakonza mkanjo wonyowawo. "Amidu," anatero, "ku Dar es Salaam kwanuko munthu akafuna kudya amayamba wavina?" Akuluakulu anaseka. Atsibweni sanaseke. "Amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Kako aka kadza kudzameta ife. Akazi angawa andigwadira ndi beseni ili zaka makumi atatu, sindinafe. Lero mwana wa mlongo wanga wabwera kudzandiuza pamaso pa alendo kuti ndakhala ndikusamba uve, ndiponso kuti pakhomo panga palibe munthu, ndizitumikiridwa ndi chitini."

Atatero anapisa manja m'beseni, anasamba bwinobwino ngati sanakhudze madzi chiyambire m'mawa. Beseni linayenda, wamkulu uyu, wamkulu uyo. Litafika pa ine, atsibweni anakweza chala. "Mudumpheni. Uyo ali ndi chake." Beseni linandidutsa n'kupita kwa mwana wa mlamu wawo amene anali asanamere ndi ndevu zomwe. Ine ndinadzuka, ndinapita pa mango paja, ndinaponda kathabwa, ndinasamba ndekha nditawafulatira. Madzi ake anali oyera kwambiri, Yusufu. Nkhuku ija sindikumbuka kukoma kwake.

Madzulo ake agogo ako anandiitanira kukhitchini. Sanandikalipire. Anangoti, "Madzi wathira m'chitini chakocho ndi maulendo awiri a kuchitsime a mlongo wako. Chitsime ukuchikumbuka kumene chili?" Ndinali nditaiwala. Kuno ndinazolowera wa ngolo ya madzi kugogoda pakhomo. Kumeneko madzi amakwera phiri pamutu pa mkazi, ndipo beseni limodzi limasambitsa amuna asanu ndi awiri, otsalawo n'kuthirira mpiru kuseri. Kanyaga wanga ankafuna madzi atsopano kwa munthu aliyense. Ndinapanga chinthu chopulumutsa mimba za amuna pothyola makosi a akazi, ndipo ndinafika nacho mpaka kwa amayi anga ndisanachione. Funsa amene amatunga madzi, mwana wanga. Usafunse amene amasamba.

Nkhani inayenda msanga kuposa ine. Mudzi uliwonse umene ndinafikako ankadziwa kale za chitini chimene chinavinitsa Che Bwanali. Ena ankabwera kudzaponda kuti aseke, wogula panalibe. Ndinawasiya khumi ndi awiri onse m'nyumba ya agogo ako n'kubwerera kuno. Ndinamva pambuyo pake kuti ankasungiramo mbewu ya nandolo kuopa makoswe. Patapita zaka zitatu agogo ako anamwalira. Kalata inandipeza sadaka ya masiku makumi anayi itachitika kale. Mlongo wanga analemba m'munsi mwake, mwa zilembo zing'onozing'ono, kuti iye anafuna kunditumizira telegalamu tsiku lomwelo koma atsibweni anakana, ati, "Uyo ali ndi chitini chake, chimutonthoza." Chimenecho sindinawakhululukire, ndipo sindidzawakhululukira. Atsibweniwo anamwalira chaka chatha, ndinawawerengera pemphero la dua chifukwa ndi lamulo, koma mtima sunapite nawo. Kunyowa kwa mkanjo sikungafanane ndi kumumana munthu maliro a mayi wake. Ndimadziwa kuti ndinawalakwira poyamba ndine. Ndimadziwanso kuti iwo anabweza ndi muyezo waukulu kuposa. Ziwiri zonsezi ndimagona nazo.

Nditabwera ndinakhala miyezi osagwira nyundo. Tsiku lina ndinakhala pa hoteli ya Mzee Shabani kuyang'ana anthu akuponda kanyaga uja woyamba. Mmakonde, Mnyamwezi, Mjaluo wa ku njanji, Mngoni wa ku Songea. Palibe ankadziwa dzina la mnzake. Palibe wamkulu, palibe wamng'ono, palibe mkazi wogwada. Aliyense ankanyansidwa ndi manja a amene ali patsogolo pake, ndipo palibe ankachita nazo manyazi. Apo ndi pamene ndinaona. Sankagula nzeru zanga. Ankagula chifukwa analibe wowathirira madzi. Kanyaga ndi wa anthu amene amadya pakati pa alendo, kutali ndi kwawo. Si chinthu chosangalatsa kuchidziwa za ntchito ya moyo wako, koma ndi choona, ndipo msika wako uli pamenepo. Usafunse kuti kumene amalankhula ngati ife ndi kuti. Funsa kuti kumene amuna ambiri akudya opanda abale ndi kuti.

Ndikudziwa chimene uyankhe, ndakumva kale ukumuuza mnzako. Uti iwe supita kumudzi, upita ku Limbe ndi ku Blantyre, ndipo dziko lasintha, lili ndi mbendera yake. Mbendera yasintha, beseni silinasinthe. Ukafika ku Limbe ukagona kwa yani? Kwa ana a Che Bwanali, chifukwa ulibe kwina. Tsiku loyamba adzakulandira, lachiwiri adzafunsa za m'mabokosi, lachitatu tauni yonse ya abale idzadziwa kuti mwana wa Amidu wabweranso ndi zitini zija. Mmodzi adzafuna wa mphatso, ukampatsa ena asanu adzakwiya, ukakana udzakhala mwana wa bambo ako. Antchito ambiri a kumeneko madzulo amakwera njinga kubwerera kumidzi yawo ya pafupi, kukadya kumene kuli wowagwadira. Ndiponso ukudziwa mmene zinthu zilili masiku ano pakati pa boma la kuno ndi la uko. Mnyamata wochokera ku Dar es Salaam, wolankhula Chinyanja chopindika, wonyamula mabokosi okhomedwa, adzamufunsa mafunso ambiri asanamufunse mtengo. Sindilemba zambiri pa zimenezi, pepala limayenda.

Ku Zambia sindinafikeko, sindikunamiza. Zimene ndikudziwa ndi za Che Selemani, amene wayenda msewu umenewo ndi migolo ya mafuta maulendo osawerengeka, ndipo ndi munthu wosakometsera nkhani. Akuti ku migodi, ku Ndola ndi ku Kitwe, kwadzaza amuna a mitundu yonse, ena a kwathu komwe, ambiri akazi anawasiya kumudzi. Akuti madzi ndi a m'mipopi, palibe amawasenza pamutu. Akuti m'njira monse mwaphuka tinyumba todyeramo madalaivala, ndipo paliponse ndi beseni limodzi lija la madzi a chithaphwi. Nyanja ya mchere ili kutali, dzimbiri silidzakuthamangira. Zonsezi zikundiuza kuti msika uli uko. Komabe usakhulupirire Che Selemani, usakhulupirire ine. Ukafika usatsegule bokosi masiku atatu. Khala m'malo odyera, gula tiyi, yang'ana manja a anthu. Ona amene amabweretsa madzi ndi kumene amawatenga. Ona ngati munthu amakwinya nkhope akafika pa beseni mnzake atachokapo. Ukaona kukwinya kumeneko, pita kwa mwini malo, umuikire mmodzi pakhomo osamuuza zambiri, anthu ake amuuza okha.

Ndikubwerezanso, masiku atatu usatsegule. Ndipo ukayamba, yamba ndi wa hoteli, osati wa ofesi. Wa ofesi adzakuuza kuti ubwere Lolemba mpaka nsapato zidzathe. Usalankhule mawu akuti uve kwa munthu amene ukufuna akugule, ngakhale madzi ake atanunkha. Nena kuti chimapulumutsa nthawi, nena kuti anthu amachikonda, uve auone yekha. Uyende m'misika uone ngati machubu akale a njinga amapezeka, chifukwa kamphira ka mumpopi kamatha pa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo kanyaga wodontha amakuipitsira dzina msanga kuposa mdani. Wogula aliyense umusonyeze kudula kamphirako yekha. Ine ndinkabisa zimenezo kuti azindifuna, ndipo ena anangotaya chitini chonse kuseri. Swala usasiye. Mkazi wa kumeneko usamulonjeze kanthu chaka chisanathe. Mnzako wa tayi akakulembera malangizo ali pa mpando wake kuno, uwerenge, kenako uyatsire mbaula.

Pali china chimene ndachita lero, ndipo ndi bwino uchimve kwa ine. M'mawa utangotuluka ndinazula misomali ya mabokosi onse, ndinachotsa kasipuling'i ka mumpopi wa kanyaga aliyense, kaja kamene kamabweza mpopi munthu akachotsa phazi. Popanda kameneko kanyaga ndi chitini chodontha basi. Ndinazimanga m'kansalu n'kupita nazo kwa Che Selemani ku Ilala. Ndinamupeza ali pansi pa lole, miyendo yokha ikuoneka. Ndinamuuza kuti asunge kansaluko, akakupatse pokhapokha mutadutsa mphambano ya ku Malawi iwe ukadali m'lole. Anatuluka, anapukuta manja, anakayeza kansalu kaja m'dzanja n'kundibwezera.

"Che Amidu, lole yanga yanyamula mafuta, ndipo mafuta okhawo akundisowetsa tulo. Mkangano wa bambo ndi mwana sindikweza."

Ndinati ndikuteteza mwana wanga.

"Mukuteteza zitini," anatero. "Mwanayo akatsika pa mphambano n'kukazindikira ali ku Limbe kuti bambo ake anamuthena katundu, mudzamuonanso? Inu amene mumadandaula mpaka lero za kalata yochedwa?"

Ndinamutukwana pang'ono, iye anabwerera pansi pa lole. Ndinayenda wapansi kuchoka ku Ilala mpaka kuno, dzuwa lili pamutu, ndikukangana naye mumtima, ndipo pofika pa mlatho ndinali nditagonja. Ndabwezera zonse. Zanditengera maola atatu chifukwa maso saona kabowo, ndipo chala chachikulu ndachicheka, ndicho chifukwa cha dontho lili pakona ya pepalali. Ziwiri zandikanika, zala zinakana. Bokosi lake ndalemba mtanda wa makala, ndipo masipuling'i awiriwo ali m'thumba la malaya ako a ulendo. Ukaike wekha, ukudziwa mmene zimalowera. Mabokosi ndakhomanso. Palibe chimene ndakugwirira. Ukafuna kutsika pa mphambano, Che Selemani aimitsa lole, akutsitsira katundu wako yense wathunthu.

Ndiye ndatsala ndi pepala lokhali. Ndikupempha, osati kulamula, poti kulamula ndaona kuti sindingathe. Khala m'lole, Yusufu. Mphambanoyo ikafika yang'ana kutsogolo.

Koma ndine bambo ako, ndikudziwa kuuma kwa mutu kumene ndinakupatsira, ndipo ndikudziwa kuti si msika wokha ukukukokera uko. Ukufuna kuona phiri limene umangolimva, ukufuna wina akuuze kuti wafanana ndi agogo ako. Zimenezo sindingakutsutse, ndinakumana nazo ndine. Ngati utsike ndithu, mvera ichi chokha mwa zonse ndalembazi. Mabokosi ukawasiye ku Limbe kwa munthu amene si mbale, kumudzi ukafike ndi shuga ndi nsalu ya azakhali ako. Akakukhazika pa mkeka, mayi wa pakhomo akabwera n'kugwada ndi beseni, usayang'ane madziwo. Angakhale atadutsa m'manja mwa amuna asanu ndi mmodzi, angakhale mafuta akuyandama pamwamba, pisamo manja ako onse awiri, usambe, uthokoze, udye. Mimba imachira pa sabata. Changa ichi chatha zaka khumi ndi ziwiri.

Mawa sindifika ku lole, miyendo yatopa ndi ulendo wa lero. Udzandipeze pa benchi usananyamuke.

Mulungu akutsogolere pa njira imene usankhe.

Ndine bambo ako,
Amidu